Alendo Ogonetsa a kwa Wedisoni

Mphezi inding'ambe pakati, mbali ina ikagwere ku Dowa ina ku Ntchisi, ngati m'nkhani iyi muli bodza lokwana njere ya therere! Ine Gwedeza sindinama. Kusukulu sindinapondeko, zoona, koma maso awa anaona zinthu zoti aphunzitsi anu atangozisuzumira angathawe n'kusiya nsapato. Ine amene ndinawoloka Bua madzi ali m'khosi nditasenza ng'ombe yamoyo, ndinamirenji za kamtsikana ndi kompyuta? Senderani kuno. Iwe Gilibati, ika foniyo m'thumba.

Inu mukamva za mizimu mumaganiza za manda ndi akadzidzi. Umbuli umenewo. Yoopsa yeniyeni imayenda dzuwa likuswa mtengo, ndipo siithyola chitseko. Imadikira mwini nyumba anene yekha kuti lowani.

Pa Mwalawoyera, pamene msewu umagawikana wina kupita kuchigayo wina kutsikira kudambo, panali kashopu ka Wedisoni. Ntchito yake inali kutchaja mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemore. Magetsi a mawaya sanafikeko kumeneko. Padenga panali sola, pansi batire lalikulu ngati mwana wa ng'ombe, patebulo kompyuta yakalekale imene anaigula kwa munthu wina mu Lilongwe. M'mimba mwa kompyutayo munali madisiki awiri. Disiki, kwa inu osadziwa, ndi kambale kachitsulo kamene kamazungulira m'katimo n'kumasunga mawu ngati nkhokwe. Ina inali ya nyimbo zamalonda. Inayo, yokalamba, yolira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, inali ya Elube.

Elube anali mkazi wa Wedisoni, ndipo anamwalira mwana wawo atangoyamba kumene sukulu. Mayi ameneyo ankaimba, anthuni. Akayambitsa nyimbo pamjigo, anzake ankaiwala ndowa zikusefukira, ndipo ine ndinaonapo njoka itaima chilili kumvetsera. Wedisoni ankamujambula mawu mwakabisira, akuchapa, akusesa, akutonthoza mwana, n'kumasunga m'disiki yokalambayo. Anthu ankapempha kuti awaikireko m'mamemore mwawo, iye ankangoti, "Zamalonda zili uku. Izi si malonda." Motero dziko lonse lapansi mawu a Elube anatsala malo amodzi okha.

Wina anali atamuuzapo kuti disiki yokalamba ukaizimitsa, nthawi zina siidzukanso. Chichokereni kumanda, Wedisoni sanazimitsepo kompyutayo. Ankayala mphasa pafupi ndi tebulo n'kugona akumva kulira kwa kambaleko, ngati munthu womvetsera kupuma kwa mnzake.

Mwana wawo, Sungeni, kamtsikana ka maso aakulu, ankakhala pakhonde kusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Musaganize kuti bambo ake anali wankhanza, ayi. Ankamuphikira, ankamuchapira yunifolomu, nsabwe sizinaterepo pamutu pake. Kungoti mawu anali atamuthera bamboyo.

"Wadya?"

"Eya, ababa."

"Wasamba?"

"Eya."

Basi, tsiku latha. Mawu ena onse ankapita kwa wakufa.

Kenako kunabwera nyengo yozizira, mitambo n'kuphimba dzuwa ngati bulangete lonyowa. Batire linayamba kufa usanakwane madzulo. Anthu ankabwera kudzatenga mafoni n'kuwapeza ali ndi njala ngati mmene anawasiyira, ena anayamba kupita kwina. Ndi masiku amenewo pamene kunafika Dalesi, mng'ono wake wa malemu Elube, amene ankakonza makompyuta pasukulu ina ya sekondale kuboma. Mtsikana wochangamuka, wa pakamwa pakuthwa, koma wamtima.

Anagwira pambali pa kompyutayo n'kuchotsa dzanja msanga.

"Alamu, batire lanu likudyedwa ndi nkhalamba iyi. Ikuthamanga usana ndi usiku pamene palibe akuifuna."

"Isiyeni."

"Sindikuti tiitaye. Pali kapulogalamu kogonetsa disiki. Ikakhala kanthawi osaitanidwa, kamaigoneka, magetsi n'kupuma. Mukaifuna mungodina, idzuka yokha."

"Nanga ikapanda kudzuka?"

"Kugona si kufa, alamu. Inunso mumagona, ngakhale nkhope yanuyo ikuoneka ngati munasiya chaka chatha."

Wedisoni anayang'ana mafoni a eni ake ali mbwee patebulo, onse akuda, n'kugwedeza mutu kuti chabwino.

Dalesi anatsegula kazenera kakuda bii kolembamo zilembo zoyera. M'menemo, akuti, mumakhala kapitawo wa mapulogalamu. Iye ankamutcha pakeji maneja, ine ndizingoti kapitawo. Ntchito yake ndi iyi: ukamuuza dzina la chimene ukufuna, amathamanga pa netiweki kukachitenga kunkhokwe yakutali, n'kudzachikhazika m'nyumba mwako pamalo pake. Ukatopa nacho, wochitulutsa ndi yemweyo. Dalesi analemba dzinalo, zilembo zinathamanga ngati linthumbu, kenako zinaima.

"Akuti chiyani?" anafunsa Wedisoni.

"Akuti amene mwaitanayu sayenda yekha, ali ndi anzake awiri omuthandiza. Akufunsa ngati alowe onse." Dalesi anasendera pambali. "Dinani nokha apa. Nyumba ndi yanu."

Wedisoni, pofuna kubisa mantha, anachita nthabwala. Anawomba m'manja pang'ono nati, "Fikani, alendo, malo alipo." Nadina.

Sungeni anali atakhala pakhomo penipeni. Anaimirira, n'kupatuka, n'kupinda maondo monga achitira mwana woleredwa bwino akamadutsa wamkulu. Anapindanso. Anapindanso kachitatu.

"Ukupatsa ulemu mphepo, iwe?" anaseka Dalesi.

Mwanayo anangotola zitsekerero zake n'kusamukira kumapeto kwa khonde.

Patapita kanthawi, kulira kwa njuchi kuja kunayamba kutsika, kutsika, mpaka zii. Chete amene anagwa m'shopumo anali wolemera moti ntchentche zinatera. Wedisoni anadina dzina la nyimbo, kambale kanati kha, n'kuyamba kuzungulira, Elube n'kuimba ngati kale.

"Mwaona? Asisi angodzuka," anatero Dalesi. M'mawa mwake anakwera minibasi kubwerera kuntchito.

Sabata yoyamba zinali zokoma. Batire linkadzaza mpaka kufuna kusefukira, makasitomala anabwerera. Chinthu choyamba chachilendo chinali mphasa. Wedisoni ankaipinda m'mawa uliwonse n'kuitsamiritsa kuseri kwa chitseko, koma tsiku lina masana sanaipeze. Anakaipeza kuseri kwa shopu, itayalidwa bwinobwino pamthunzi wa mango.

"Sungeni, watulutsa mphasa ndiwe?"

"Ayi, ababa."

Atawerama kuti aipinde, anamva kuti ikufunda. Osati yonse. Malo atatu okha, moyandikana, ngati anthu angonyamukapo kumene. Anaibwezera m'nyumba. Mawa lake masana inali pamthunzi pomwepo.

Kenako nkhuku. Thadzi lina linapezeka litagona pakati pa bwalo, mwendo umodzi uli m'mwamba, njere ya chimanga ili kukamwa. Galu wa pachigayo anagona akukanda khutu. Anyamata a kabaza, amene amalimbirana munthu akadali kutsidya kwa dambo, ankapezeka atazyolika pa njinga zawo, malovu ali chuu. Munthu akabwera kudzatenga foni, Wedisoni n'kutembenuka kanthawi kufunafuna tchaja, pocheuka ankapeza mwini foni akuliza mkonono ali chiimire. Ukamutchula dzina ankadzidzimuka. Ukapanda kumutchula, kaya.

Mayi Nasimango, wokazinga zitumbuwa, anapsereza chiwaya chathunthu. Atadzuka anauza anthu kuti asanagone anaona amuna atatu akuchokera kuseri kwa shopu ya Wedisoni, atafunda mabulangete otuwa, akuyenda mokoka mapazi.

"Nkhope zawo zinali zotani?" tinamufunsa.

"Ndikati ndizikumbukire," anatero, n'kuyasamula mpaka nsagwada kulira, "ndimangomva tulo."

Pamsika ponsepo amene sanagone ndine ndekha, chifukwa ine pakamwa panga sipatseka chibadwire. Kukasowa wondiitana ndimadziitana ndekha.

Anthu akuluakulu zinkawapepukira, chifukwa wamkulu sakhalitsa osaitanidwa: uyu akufuna chenji, uyu akufuna moni, uyu akufuna ndewu. Koma ganizirani kamwana kokhala kokha kumapeto kwa khonde, kamene tsiku lonse kamafunsidwa mafunso awiri.

Tsiku loyamba Wedisoni anamupeza Sungeni atagona supuni ili m'manja, phala likuzizira. Anamuitana kamodzi, anadzuka. Patapita masiku anafunika kumuitana kangapo. Kenako kumugwedeza. Ndipo Wedisoni anazindikira chinthu china choopsa: disiki ija nayonso inali itayamba ulesi podzuka. Akadina, inkati kha, kha, kha nthawi yaitali isanazungulire, ndipo tsiku limene disiki yavuta kudzuka, mwananso ankavuta.

Anamubereka pa njinga kupita naye kuchipatala. Achipatala anamubaya chala, anamuunika m'maso, nati magazi ali bwino, mwina akungokula. Pobwerera, ali m'njira, mwanayo anayankhula ali kumbuyo.

"Ababa, musawakalipire."

"Ndani?"

"Atsibweni a pamphasa aja. Sachita nkhanza. Amangondisisita mutu n'kunena kuti gona, mwanawe, palibe akukufuna panopa. Akakufuna akuitana."

Wedisoni anatsika panjinga n'kuima pakati pa msewu. Anangotulutsa foni n'kuimbira Dalesi.

Dalesi anafika m'mawa mwake ndi minibasi yoyamba, fumbi lili m'nsidze. Za amuna a mabulangete sanafune kuzimva.

"Alamu, kapulogalamu sikayala mphasa. Koma ngati kakukusowetsani mtendere, tikachotse. N'kosavuta ngati kutulutsa nkhuku m'nyumba."

Anatsegula kazenera kakuda kaja, nauza kapitawo kuti achotse. Zilembo zinathamanga, kapitawo anayankha kuti watuluka. Disiki inazungulira, Sungeni anali maso gwa, mpaka anaseka pamene mayi ake aang'ono anamuluka tsitsi mokhota. Anamwa tiyi atatuwo, Wedisoni mapewa atatsika koyamba.

Dzuwa litafika pamutu, Dalesi anali kufotokoza za ana a kusukulu kwawo, ndipo mawu ake okha ndi amene ankamveka. Wedisoni anakweza dzanja kuti atonthole. Njuchi ija inali itasiya kulira.

Anathamangira pakhonde. Sungeni anali atagona cham'mbali, zitsekerero zili m'manja. Anamuitana. Anamugwedeza. Dalesi anamuthira madzi kumaso. Mwanayo ankapuma, koma mpweya umodzi ukatuluka, wina unkachedwa ngati ukuchokera ku Mchinji wapansi.

Wedisoni anazungulira kuseri. Mphasa inali yoyala pamthunzi. Anaikapo dzanja: malo awiri ofunda. Achitatu anali ozizira.

Ndiye anamva mapazi. Wina ankayenda mozungulira shopuyo pang'onopang'ono, akukoka nsapato m'fumbi. Akafika pakhomo ankaima. Kenako n'kuyambanso kuzungulira. Wedisoni akakhala kutsogolo, mapaziwo ankamveka kuseri. Akapita kuseri, ankamveka kutsogolo. Dalesi, amene sankakhulupirira za mabulangete uja, anali atalowetsa mwana m'nyumba, ndipo Wedisoni atangolowa anatseka chitseko ndi mpando.

Dalesi anakhala pakompyuta n'kufunsa kapitawo mafunso. Atawerenga mayankho anagwira pakamwa.

"Alamu, ndachita mwachangu. Ndinamuuza kuti atulutse wamkulu yekha. Anzake awiri aja akadali muno. Ndiponso ukangoti chotsa, kapitawo amasiya malangizo a pulogalamuyo ali pomwepo, poganiza kuti mwina idzabweranso."

"Ndiye kuti katundu wake ali m'nyumba muno."

"Eya."

Mapazi aja anaima pakhomo. Mpando unasuntha pang'ono, ngati wina wayesa chitseko mwaulemu, n'kuleka.

"Ndinawalandira ndi m'manja," anatero Wedisoni monong'ona, "lero tamuponya mmodzi kunja ngati galu, anzake ali m'kati, katundu ali m'kati, womuperekeza palibe. Apita bwanji munthu?"

"Pali kuchotsa, pali kusesa," anatero Dalesi. "Ndikamuuza kapitawo kuti asese, atulutsa malangizo onse, ndipo anzake otsalawo ndiwatulutsanso. Koma pali china. Disikiyi inameza kale lamulo logona. Lili m'mutu mwake. Silichoka pokhapokha tizimitse zonse, tizule waya wa batire, izizire. Ndipo mmene ikuliriramu, alamu, sindikulonjezani kuti idzadzukanso."

"Koperani kaye nyimbozo."

Dalesi analowetsa fulashi yoti akoperemo nyimbozo. Disiki inati kha, kha, kha, n'kuzungulira monyinyirika. Kamzere kosonyeza ulendo kanayenda pang'ono ngati nkhono, n'kuima. Disiki yagona. Anaidzutsa, kamzere kanayambira poyamba, n'kuimanso. Anayesa, anayesa, mthunzi wa mango mpaka unafika pamsewu.

"Tikalimbikira, mwina pofika mawa tipulumutsako zingapo," anatero Dalesi, osamuyang'ana.

Wedisoni anayang'ana mwana. Ntchentche inali itatera pachikope chake, chikope osagwedezeka. Milomo inali itayamba kutuwa ngati mabulangete aja. Anawerama n'kuika khutu pamphuno pake, nadikira mpweya. Anadikira. Unabwera, koma wochepa ngati wa mwanapiye.

Anabwerera patebulo n'kudina nyimbo imene ankaikonda kuposa zonse, ija Elube ankaimba akusesa. Kambale kanazungulira kamodzi. M'masipika munamveka Elube akukoka mpweya kuti ayambe. Basi. Nyimbo sinabwere.

"Sesani, alamu," anatero.

Dalesi analemba. Zilembo zinathamanga, kapitawo anafunsa ngati akutsimikiza, ndipo Wedisoni anadina yekha monga anadinira tsiku lija. Kenako anagwada pansi pa tebulo, nagwira waya wa batire ndi manja awiri ngati akugwira dzanja la munthu, n'kuzula. Kagetsi kobiriwira kamene sikanazimepo chimwalirireni Elube kanati psi.

Mwana sanadzuke.

"Sanachoke," anatero Wedisoni. "Akudikira kuperekezedwa. Ndibereketseni mwanayu."

Dalesi anatenga chitenje cha malemu m'bokosi n'kumumangirira Sungeni kumsana kwa bambo ake. "Musasiye kumuyankhula," anatero. "Amagonetsa chimene sichikuitanidwa. Kaya munene chiyani, koma musatseke pakamwa."

Wedisoni anachotsa mpando, natsegula chitseko, n'kupita kuseri. Anawomba m'manja patsogolo pa mphasa yopanda munthuyo, nati, "Alendo, dzuwa lapendeka. Tiyeni ndikutulutseni." Anaipinda n'kuisenza paphewa, popeza mlendo sanyamula katundu wake mwini nyumba alipo. Mphasa ya bango, chinthu choti mwana amathamanga nacho, inamupinda msana ngati thumba la chimanga chonyowa.

Ine ndinali pansi pa mtengo wa pachigayo, ndipo ndinaona zonse. Msika wonse unali gone: wa nyama atatsamira mbuzi yake, wa tomato mutu uli m'dengu, ngakhale utsi wa pachiwaya unali utaima m'malere osakwera. Pakati pa anthu ogonawo panadutsa Wedisoni, mwana kumsana, mphasa paphewa. Kumbuyo kwake fumbi linkadzuka malo atatu, pang'onopang'ono, ngati likukokedwa.

Tsono mverani chisoni. Munthu uja anatsegula pakamwa kuti ayankhule ndi mwana wake, ndipo chimene chinatuluka ndi "Sungeni, wadya?" Anadikira. "Wasamba?" Mawu ake onse anathera pomwepo, chigayo asanachidutse n'komwe. Maso ake anayamba kulemera. Pakhosi pake anamva ngati dzanja lofunda likumusisita, lachifundo, lomuuza kuti wavutika mokwanira, akhale pansi pang'ono pokha.

Anadziluma lilime mpaka magazi, n'kuyamba kunena chilichonse chimene chinabwera.

"Sungeni, amako anabwera koyamba pashopu ndi foni yodzaza kale. Ndinaona kuti ndi yodzaza, koma ndinaitchajabe. Anabweranso mawa lake, yodzazanso. Ukumva, Sungeni? Sabata yathunthu tikunamizana. Iweyo unabadwira pa ngolo, ng'ombe zitakana kuwoloka dambo lomweli. Unatuluka ukukalipa, amako akuseka. Dzina lako ndinkafuna likhale lina, anandikaniza, anati ine ndingodziwa mayina a mafoni. Sungeni, dzino lako loyamba unandiluma nalo khutu ili, chipsera chilipo, udzachione. Nsapato zako zofiira zija sizinabedwe, ndinaziwotcha ndine mwangozi poziyanika pamoto, amako n'kundibisira mlandu. Sungeni. Sungeni, mwana wanga, ndikukufuna panopa. Osati mawa. Panopa."

Anayankhula, anayankhula, zinthu zimene anazitsekera m'chifuwa chichokereni kumanda zikutuluka ngati madzi oboola mgula. Mapazi atatu aja ankamutsatabe, ndipo sanacheuke. Nkhani zitamuthera anayamba kuimba nyimbo yosesera ija. Wedisoni kuimba sankatha, anthuni. Mawu ake anali ngati chitseko cha dzimbiri. Achule a m'dambo anatonthola ndi manyazi.

Anafika pamphambano ya kumunsi, pamene mwini nyumba amabwererapo, dzuwa litangotsala kachidutswa kofiira. Anatsitsa mphasa n'kuiika bwinobwino m'mbali mwa njira. Anaima chozyolika, nawomba m'manja.

"Alendo, ine ndibwerere pano. Munabwera nditakuitanani, ntchito yanu munagwira, batire linadzaza, sindikudandaula. Za m'mawa zija mutikhululukire, zinali zachibwana. Katundu wanu ndi uyu, palibe chimene chatsala kwanga. Kumene mukupitako kuli anthu otopa ambiri ofuna tulo. Uyu yekha ndisiyireni. Ndili naye nkhani zambiri."

Kunali zii. Kenako kumbuyo kwake wina anayasamula, kuyasamula kwakutali kochokera pansi pa mimba. Wachiwiri analandira, wachitatu n'kumaliza. Mphepo yofunda inamudutsa mbali zonse, udzu wa kunjira ya kudambo unagona motsatizana ngati anthu akudutsamo, mpaka uko. Atayang'ana pansi, mphasa panalibe.

Kumsana kunalibe chogwedezeka. Wedisoni anatembenuka kubwerera, misozi ikulowa m'kamwa, nayambiranso nyimbo ija chifukwa analibe china choti achite. Atafika pakati pa nyimbo, kachala kanamukanda pakhosi.

"Ababa, si choncho. Pamenepo amayi ankakweza."

Munthu wamkulu anangokhala pansi m'fumbi mwana ali kumsana. Kumsika galu anauwa, wa nyama anadzidzimuka n'kuyamba kutukwana ntchentche, utsi wa Nasimango unapitiriza ulendo wake.

Atafika kushopu, Dalesi anabwezera waya n'kuyatsa. Disiki ya malonda inadzuka. Yokalamba ija inati kha. Inatinso kha. Kenako zii. Anayesa njira zonse zimene ankadziwa, anaitulutsa, anaifunditsa m'manja, koma kambale sikanazungulirenso. Dalesi analira ngati maliro ayambiranso.

"Alamu, ndakupherani asisi kachiwiri."

"Ndinadina ndine," anatero Wedisoni. "Kawiri konse."

Anakhala pampando akuyang'ana bokosi lachetelo nthawi yaitali. Ndiye panja panamveka tsache. Sungeni, amene anali atagona tulo tokwanira chaka chathunthu, anali atatenga tsache kusesa pakhonde chisisira chomwecho, ndipo anakoka mpweya, monga muja ankakokera mayi ake, n'kuyamba nyimbo. Anaiimba yonse, pokweza n'kukweza, potsika n'kutsika. Atamaliza anayamba ina yochapira, kenako yotonthozera mwana. Zaka zonse zija ali kumapeto kwa khonde, makutu ake anali m'shopu. Panalibe anamufunsapo.

Wedisoni anatuluka n'kukakhala pakhonde, msana atalozetsa kompyuta.

Lero mukapita pa Mwalawoyera mukamupeza. Batire lake limadzaza, poti nkhalamba yodya magetsi ija ili m'bokosi pamodzi ndi zitenje. Ndipo munthu uja pano ndi wolongolola moti mwanayo amachita kumuthawa. Kupatula ine, palibe womuposa m'boma lonse.

Ukuti chiyani, Gilibati? Kweza mawu, anzako amve. Akuti mwanayo anali ndi malungo amene achipatala sanawaone, ndipo disikiyo inangofa ndi ukalamba. Tamverani nzeru za pafoni. Malungo amayala mphasa pamthunzi? Ukalamba umakoka nsapato kuzungulira nyumba? Ndipo mphasayo ili kuti, poti wadziwa zonse? Pita kudambo ukaitenge, ndikupatsa ng'ombe ija ndinawoloka nayo Bua. Zamkutu. Iwe udziwa chiyani, chikhalirecho chiyambire nkhaniyi wayasamula katatu, ndipo palibe wakutchula dzina kupatula ine.